Shuga wa M'mamawa

Germiston, Joni
7 Epulo 2024

Wokondedwa mng'ono wanga Esime,

Moni kumudziko. Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino, iweyo, alamu anga a Vincent, ana, makamaka ababa. Kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba msanga chaka chino.

Ndalemba kalata chifukwa foni ya kwathuko mpaka munthu akwere pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, ndiye nkhani imadukira pakati. Izi ndikufuna uziwerenge mobwereza. A Melvin, adilaivala a thiraki aja, asiya kachikwama kwa a Liness ogulitsa mtedza pa boda. Akamabwerera kuno azitenganso yankho lako pompo. M'kachikwamamo muli kamakina koyezera shuga, timapepala take, tomabayira, ndi kope latsopano.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi ababa akumwa mapiritsi a shuga, koma sitidziwa mmene m'thupi mwawo mumakhalira tsiku ndi tsiku. Ndiye uzichita chonchi. M'mawa uliwonse akangodzuka, asanaike kanthu kukamwa, asambe m'manja. Uwabaye m'mbali mwa chala, kadontho ka magazi ukhudzitse pa kapepala, makina asonyeza nambala. Nambalayo uzilemba m'kope pamodzi ndi tsiku lake. Kuntchito kwathu kuno timafuna nambala ya m'mawa izikhala pakati pa 4 ndi 7. Usachite mantha, ine zimenezi ndimachita ndi nkhalamba makumi atatu m'mawa uliwonse.

Undiuze za kumunda. Ndamva kuti mvula inadula chimanga chikumasula. Nanga manachesi a ababa abereka bwanji? Ndikawaona a m'mashopu a kuno, onyezimira koma opanda fungo, mtima umapita kwathu.

Ine mkulu wako,
Thandie

*

Kwa Kanduku, Mwanza
28 Epulo 2024

Okondedwa achemwali,

Tonse tili bwino, kaya inu kumeneko. Katundu talandira, zikomo kwambiri. Ababa akondwa moti palibe munthu wodutsa pamsewu amene sanaone kamakinako. Akumawauza kuti, "Mwana wanga, nesi wa ku Joni, wanditumizira chipatala chonse m'thumba." Tsiku loyamba ndinawononga timapepala tiwiri. Iwo anangoti, "Baya iwe, chala ichi chazolowera minga ya manachesi."

Chimanga tapeza chochepa, koma manachesi abereka mpaka nthambi tazichirikiza ndi mphanda. Mavenda a ku Blantyre ayamba kale kubwera kudzaona.

Tsono nambala zake sizikundisangalatsa. Lolemba inali 11.8, Lachiwiri 12.4, Lachitatu 11.2, ndipo masabata awiri onsewa sinatsikepo pansi pa 10. Tsiku lina ndinangoti ndiyese madzulo cha m'ma 4 koloko, atangobwera kumitengo kwawo, asanadye. Inali 7.1. Ndinayesanso tsiku lina nthawi yomweyo, 7.4.

Ndiye mutu wanga waima. Munthu wagona usiku wonse osadya, shuga akwera bwanji? Masana amene amadya ndi pamene akutsika. Chakudya chamadzulo amadya dzuwa likulowa, mgaiwa pang'ono ndi masamba, monga anatiuzira kuchipatala. Tiyi amamwa wopanda shuga, thobwa anasiya kalekale.

Iwo akuti sakumva kuwawa paliponse, kungoti amadzuka pakhosi pali gwa ndi ludzu, ndipo mapazi amachita dzanzi. A Vincent akuti mwina shuga wa m'mawa alibe kanthu, bola masana akutsika. Kodi ndi zoona? Tsiku lawo la kukiliniki ya shuga ku boma ndi mu Julayi. Ndiwatengere kumeneko tsikulo lisanafike, kapena tidikire? Inu ndi amene mumadziwa zinthuzi, tiuzeni chochita.

Ana akupereka moni. Tiffany akufunsa ngati ku Joni kuli mbuzi.

Ine mng'ono wanu,
Esime

*

Germiston
19 Meyi 2024

Esime,

Moni nonse. Kalata yako ndalandira, ndipo nambala zimenezo zandidwalitsa mutu. Uwauze alamu kuti shuga wa m'mawa ali ndi kanthu. Nambala 12 si yoseweretsa.

Koma funso lako lili ndi yankho lachidule. Shuga sachokera kumphepo. Ngati wakwera m'mawa, ndiye kuti china chake chinalowa m'mimba usiku. Ine ndaona zambiri kuno. Pali gogo wina wachizungu amene ankalumbira kuti sadya zotsekemera, tinakamupeza ndi maswiti m'masokosi. Wina ankabisa bisiketi m'chikuto cha pilo. Nkhalamba ndi mwana, Esime. Ikayang'ana kumbali, dziwa kuti m'dzanja muli kanthu.

Iwe wemwe wandiuza kuti manachesi abereka mpaka kuthyola nthambi. Ababa ndimawadziwa, sangadutse pansi pa mtengo osathyolako. Akamati akupita kuseri nonse mutalowa m'nyumba, ukudziwa kumene amapita? Mosapita m'mbali, ababa akuba manachesi inu muli mtulo, kapena amawabisa m'matumba a jekete lija.

Za ku boma zisiye kaye. Ukawauza chiyani? Adzangowonjezera mapiritsi pomwe vuto lili pakamwa. Yamba wakonza za pakhomo. Chipinda chosungira zakudya chikhale chokiya. Dzuwa likapendeka asapitenso kumitengo. Jekete lawo uzilipisa m'matumba asanagone. Zikumveka zankhanza, koma chikondi china chimafuna kuuma mtima.

Ndatumiza timapepala tina ndi masikafu awiri a ana. Umuuze Tiffany kuti mbuzi za kuno ndimaziona zili kale m'firiji.

Mkulu wako,
Thandie

*

Kwa Kanduku
16 Juni 2024

Achemwali,

Moni. Ife tilipo, koma pakhomo pano sipali bwino.

Mukudziwa kuti kalata yanu ikafika, ababa amafuna iwerengedwe pakhonde aliyense akumva. Ndinalakwitsa osayamba ndaiwerenga pandekha. Ndinazindikira mawu aja atatuluka kale m'kamwa, akuti ababa akuba manachesi. Ana anaphulika kuseka. A Vincent anangoweramitsa mutu.

Ababa anati, "Werenganso pamenepo."

Ndinawerenganso. Anatuma Tiffany kuti akatenge Baibulo lawo, anaikapo dzanja, nati, "Ine Kinsley, mitengo iyo ndinaibzala ndi manja angawa chaka chimene Thandie anabadwa. Ndikafuna nachesi ndimadya masana, limodzi, anthu akuona. Usiku sindidya kanthu. Mulungu akundimva." Atatero analowa m'nyumba, tsiku limenelo sanadye.

Komabe ndinachita zonse munanena. Chipinda ndinakiya, kiyi ndimagona naye m'chiuno. Jekete ndimalipisa madzulo aliwonse, iwo atakweza manja ngati munthu wa pa boda amene akusechedwa. M'matumbamo ndimapezamo mpeni wawo wolumikizira mitengo ndi tizingwe, basi. Kuti pasakhale chokayikitsa, a Vincent anaitana mavenda, tinathyola manachesi onse, ndi osapsa omwe. Ababa anakhala pampando kuyang'ana madengu akukwera pa lole. Ana a oyandikana nawo amva nkhaniyi, akumaimba kanyimbo konena za agogo akuba. Kumsonkhano wa akuluampingo asiya kupita.

Tsono mitengo ilibe chipatso ngakhale chimodzi kwa masabata awiri, koma nambala ndi zomwe zija. Dzana 12.3, dzulo 11.9, lero 13.0. Achemwali, ine ndikuona kuti ababa sakunama. Mwina pali china chimene sitikuchidziwa. Simungafunseko madokotala a kuntchito kwanuko? Kapena mundilole ndipite nawo ku boma sabata ino. Ndikudikira mawu anu.

Esime

*

Germiston
7 Julayi 2024

Esime,

Ndalemba mothamanga, a Melvin anyamuka masana ano.

Sindikufunika kufunsa munthu chinthu chimene ndimachiona tsiku ndi tsiku. Ngati ababa sakudya mobisa, ndiye kuti wowadyetsa zolakwika ndi iwe. Kaya ndi mbatata, kaya ndi phala lothira shuga powamvera chisoni, ukudziwa ndiwe. Kapenanso mapiritsi sukuwapatsa pa nthawi yake.

Ine ndili kuno kugwira ntchito mpaka msana kuuma kuti ababa akhale ndi moyo, iwe ntchito yako ndi imodzi yokha, kuwasamala, ikukukanika. Ngati watopa nawo unene, ndiwapezere malo kwa azakhali ku Chilomoni. Ndipo ndikufunse, kuthyola manachesi osapsa anakuuzani ndani? Ine ndinati muwaletse kupita kumitengo, sindinati mugulitse. Alamu aja maso awo akhala ali pamunda umenewo kuyambira kale, usaganize kuti sindidziwa.

Kalata yotsatira ndikufuna kuona nambala zosintha.

Thandie

*

Kwa Kanduku
11 Ogasiti 2024

Achemwali,

Moni. Tonse tili bwino.

Nambala za sabata ino ndi izi: 7.2, 6.9, 7.4, 7.0, 6.8, 7.3, 7.1.

Ku boma ndinapita ndekha kukatenga mapiritsi, chifukwa njinga yamoto imawapweteka ababa msana. Ndinawaonetsa adokotala kope. Anati zikuyenda bwino, apitirize momwemo, koma ulendo wina ndidzapite nawo.

Ndalama za manachesi zonse zili ndi eni ake. A Vincent sanakhudzeko.

Za kwa azakhali ku Chilomoni musavutike nazo. Ababa akhala pakhomo pawo.

Esime

*

Germiston
8 Sepitembala 2024

Mng'ono wanga wokondedwa,

Moni nonse! Waona tsono? Ndinadziwa kuti ukalimbikira zitheka. Nambala zimenezi ndaziwerenga katatu, mpaka ndinawaonetsa anzanga a kutchalitchi. Mulungu ndi wabwino.

Kalata yanga ija inali yowawa, ndikudziwa. Ndinailemba nditatopa. Koma taona zipatso zake. Nthawi zina mankhwala owawa ndi amene amachiza. Uwauze alamu asasunge mawu anga kukhosi.

Tsopano uwalole ababa azipita kumitengo kwawo, bola usasiye zimene ukuchitazo. Ndawatumizira chipewa cha dzuwa ndi wailesi yaing'ono. Pafoni sakumandiyankhula nthawi yaitali masiku ano, amangoti, "Tili bwino, mayi," n'kukupatsira iwe. Adakali okwiya? Uwanyengerere, adzandithokoza m'tsogolo.

Undilembere zambiri, makalata ako afupika ngati mchira wa mbuzi.

Mkulu wako,
Thandie

*

Kuchipatala, Blantyre
26 Januwale 2025

Achemwali,

Moni. Pafoni ndinakuuzani kuti opaleshoni yatheka ndipo ababa atsitsimuka. Mwendo wakumanzere audula pansi pa bondo. Munalira, munafunsa kuti zatheka bwanji shuga ali bwinobwino miyezi yonseyi. Ndinati netiweki ikuvuta, ndinadula foni. Netiweki inalibe vuto. Ndalemba kalatayi nditakhala pansi pa mtengo kunja kwa wodi, chifukwa pakamwa sindingathe kunena.

Nambala zonse zimene ndakhala ndikukutumizirani kuyambira Ogasiti si za m'mawa. Ndi za 4 koloko madzulo.

Kalata yanu yonena za munda itafika, ndinalira masiku awiri. A Vincent anafuna kusamuka kubwerera kwawo ku Thambani. Sabata yomweyo kunagwa maliro kutsidya, ndinapita m'bandakucha osawayeza ababa. Nditabwera madzulo ndinawayeza, inali 7.0. Ndinayang'ana mzere wa m'mawa uli wopanda kanthu, ndinalembapo. M'mawa mwake ababa anatambasula chala monga mwa masiku onse. Ndinati, "Tiyeza madzulo." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anabweza dzanja m'thumba la jekete. Sitinakambiranepo. Masamba akale aja ndinawang'amba, kope linayambira pa nambala zabwino. Ndi limene ndinakaonetsa ku boma mu Julayi, ndi mu Okutobala momwe. Ulendo wachiwiriwo adokotala anandikumbutsa kuti akufuna kuwaona eni ake, ndinanama kuti apita kumaliro. Ndinkaopa kuti akawayeza m'mawa ndigwidwa.

Ndinkadziuza kuti mwina a Vincent ankanena zoona, shuga wa m'mawa alibe kanthu. Pakhomo panabwerera mtendere, inu munasangalala, ababa anayambiranso kupita kumitengo.

Kumapeto kwa Novembala akudulira nthambi, anaponda munga unalowa pa patapata mpaka m'phazi. Sanamve kanthu. Anayenda nawo masiku atatu, ndinauona ndine powasambitsa mapazi. Tinatsuka ndi madzi amchere, tinamanga. Kuchipatala chaching'ono cha ku Thambani anatipatsa mankhwala natiuza kuti tipite ku boma msanga. Ababa anakana, akuti kabala kakang'ono, ndipo ine sindinawakakamize, chifukwa cha mantha anga omwe aja. Pofika Khirisimasi phazi linatupa. Chaka chatsopano zala ziwiri zinada, fungo linayamba. Ku boma anatigoneka masiku anayi, kenako anatitumiza kuno.

Kuno anesi amayeza 6 koloko m'mawa. Tsiku loyamba inali 16. Dokotala wake ndi mayi wachitsikana, wamng'ono kwa ine. Anatenga kope langa, anatsegula masamba onse, anayang'ana pepala la magazi amene anawatenga, amene akuti amasonyeza mmene shuga wakhalira miyezi itatu yapita. Anandifunsa mofatsa, "Mayi, nambala izi mumayeza nthawi yanji?"

Ndinawauza zonse, ababa ali pomwepo akumva.

Sanandikalipire. Anakhala pabedi nati, "Chiwindi cha munthu chili ngati nkhokwe, chimasunga shuga. Kukamayandikira kucha, thupi limachiuza kuti chitulutse shuga woti munthu adzuke ndi mphamvu. Zimachitika kwa aliyense, ngakhale ine. Kwa munthu wopanda matendawa, thupi limamubweza shugayo pomwepo. Kwa bambo anuwa silingathe, ndiye amangokwera. Nthawi zina chimachititsa ndi chakudya chamadzulo, koma munthu akhoza kugona ndi njala n'kudzuka shuga ali pamwamba."

Ndinafunsa kuti, "Ndiye sankadya usiku?"

Anati, "Sizifuna kuti munthu adye. Kukwera tsiku limodzi si nkhani. Koma akamakwera m'mawa uliwonse kwa masabata, ndiye kuti mankhwala achepa mphamvu, akufunika kusintha. Inu munkayeza pa ola limodzi lokha limene amatsika, atamwa mapiritsi ndi kugwira ntchito tsiku lonse. Maola ena onsewo shuga ankadya mitsempha ya kumapazi."

Ndinafunsanso ngati mwendo ukadapulumuka tikadabwera mu Meyi. Anati sangalumbire, chifukwa matendawa akhala nawo zaka zambiri, koma bala likadakhala ndi mwayi wopola. Pamenepo ababa anatembenukira kukhoma.

Tsopano awayambitsa jakisoni wa insulini wobaya madzulo, ndipo akundiphunzitsa kubaya. M'mawa wa lero inali 8.2.

Sindikulemba kuti ndikuimbeni mlandu. Kope ndinalemba ndine, masamba ndinang'amba ndine. Ndikawaona akufuna kukanda phazi limene kulibe, ndimatuluka panja. Mukafuna kunditukwana nditukwaneni, ndilandira.

Esime

*

Germiston
16 Malichi 2025

Esime mng'ono wanga,

Moni kwa iwe, kwa alamu, kwa ana, ndi kwa ababa ngati angalandire moni wanga. Ndikudziwa kuti mwadabwa kuti foni sindikuyankha, ndipo a Melvin abwera kawiri opanda kalata. Ndinayamba kulemba kanayi, ndikung'amba.

Nditawerenga kalata yako ndinapita kwa sisitala, nesi wamkulu wa kuntchito kwathu. Anali akukonza mankhwala pa thireyi. Ndinamufunsa funso lako lija, monga unalilembera mu Epulo: munthu wagona osadya, shuga akwera bwanji? Sanasiye n'komwe zimene ankachita. Anayankha za chiwindi zomwezo, nati wodwala wotere apite kwa dokotala akamusinthire mankhwala. Yankho lonse silinathe mphindi ziwiri. Munthu ameneyu ndimaonana naye masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Unandipempha mu Juni kuti ndifunse. Sindinafunse.

Chifukwa chake ndi ichi. Ine si nesi, Esime. Sindinakhalepo nesi. Ntchito yanga ndi kusambitsa nkhalamba, kuzisintha matewera, kuyala mabedi ndi kukolopa. Poyeza shuga ine ndimangogwirizira dzanja la wodwala kuti lisanjenjemere. Chala cha munthu sindinabayepo. Chaka choyamba ndinatumiza chithunzi nditavala yunifolomu yoyera, ababa anayamba kuuza anthu kuti mwana wawo ndi nesi. Ndinati ndidzawakonza, zaka zinapita, dzinalo linayamba kundikoma. Ndiye iwe utandifunsa chinthu chimene sindinkachidziwa, ndinaopa kunena kuti sindikudziwa. Ndinatola nkhani ya gogo wa maswiti n'kuwaveka ababa. Itakanika ndinakuveka iwe, kenako alamu.

Ukuti kope unalemba ndiwe. Inde. Koma amene anakuletsa kupita ku boma mu Meyi, masamba oona adakali m'kopemo, ndine. Iwe unaona bwino kuyambira pachiyambi, unafunsa kawiri konse. Ndikutukwane chifukwa chiyani?

Uwauze alamu kuti mawu a munda aja ndinawalakwira, ndidzawapepesa pamaso. Kalatayi uwawerengere ababa yonse, pakhonde, ana ali pomwepo, monga unawerengera ija. Amve kuti agogo awo sanabe kanthu.

Ndapempha tchuthi cha mu Meyi. Akandikaniza ndibwerabe. Uwafunse ababa chimene akufuna ndiwabweretsere. Ndikudziwa kuti palibe chimene chingakwane m'chikwama, koma uwafunsebe.

Ine,
Thandie

*

Kwa Kanduku
13 Epulo 2025

Mwana wanga Thandie,

Ndine bambo ako. Ndalemba ndekha, ukhululuke zilembo zikuluzikulu, maso ayamba kuchita nkhungu. Ndili bwino. Chilonda chapola. Ndikuyendera ndodo ziwiri, ndimafika mpaka pa mtengo wachitatu. Jakisoni amandibaya Esime, botolo lake timasunga m'kamtsuko ka mchenga wonyowa kuseri kwa chitseko. Masiku ano m'mawa ikumakhala 7, nthawi zina 6.

Kalata yako anandiwerengera pakhonde. Ana anamva. A Vincent anamva, ndipo madzulo ake anandifunsa tsiku limene ufike kuti akakuchingamire pa boda.

Awirinu mukulimbirana mlandu ngati nsalu ya pa kaunjika. Mundisiyireko mbali yanga. Tsiku limene Esime anati tiyeza madzulo, ine ndinadziwa chimene chikuchitika. Ndinali ndi pakamwa. Njira ya ku boma ndimaidziwa, ndipo miyendo inali iwiri. Ndinakhala chete chifukwa ndinatopa kupisidwa m'matumba, ndipo ndinkafuna kubwerera kumitengo yanga. Komanso ndisabise, ndinali ndi mkwiyo. Mumtima ndinkati, asiyeni akondwere ndi nambala zawo. Munga utandibaya ndinakana kupita ku boma ndine. Munthu wa zaka 71 ndinadzipweteka pofuna kulanga ana anga.

Za unesi, dzinalo ndinakupatsa ndine, iwe sunapemphe. Masabata asanu amene ndinagona ku Blantyre, amene ankanditembenuza ndi kundichotsera zonyansa sanali madokotala. Anali mng'ono wako, ndi amayi ena ovala ngati iwe pachithunzi chija. Ukadandiuza zoona sindikadachita manyazi. Mwina ndikadangochepetsa kudzitama pamsewu.

Sindikunamiza kuti zonse zatha mumtima. Mwendo ndikuuzolowera. Chimene chimandibwererabe ndi tsiku lija ndinaika dzanja pa Baibulo, ana anga awiri osandikhulupirira, wina chifukwa anali kutali, wina chifukwa ankaopa wakutaliyo. Ndakhululuka, koma ndikufuna ndidzakuuze mawu amenewa ukundiyang'ana, osati papepala. Ndiye ubwere ndithu.

Wafunsa choti undibweretsere. Ku wodi ndinagona moyandikana ndi a Saiti, ogulitsa nsalu pa boma pathu pomwepa. Iwonso ndi shuga, koma anawadula wakumanja. Tinayezana mapazi otsalawo, tonse timavala 8. Ndiye ugule nsapato zachikopa zofewa, zotseka kutsogolo, adokotala akuti patapata ndisavalenso. Yakumanja ndi yanga. Yakumanzere udzakapereke wekha kusitolo kwawo ukamadutsa, ndinawalonjeza.

Ine bambo ako,
Kinsley